Asidi m'Chigubu cha Sopo

Lachitatu, 16 Okutobala 2024

Ndikulemba ndi dzanja lamanzere, n'chifukwa chake zilembo zikupendama chonchi. Lamanja alikulunga bandeji kuyambira ku zala mpaka paphewa. Kope ili wandibweretsera mkazi wanga Mutinta, akuti ndaonjeza kuyang'ana kudenga. Ndili m'wodi ya amuna, bedi la pazenera. Pakhadi ya kumiyendo alemba kuti Chabota Mudenda, zaka 44, mphunzitsi wa sayansi, wapsa ndi asidi mkono wamanja, khosi ndi mbali ya chifuwa. Ndinalowa Lolemba masana.

Lero madiripi awiri a madzi amchere, mapiritsi a ululu katatu. Jekeseni ya kafumbata anandibaya tsiku loyamba. Kutentha kwa thupi 37.9.

Ba Lonah, amene amakolopa pasukulu pathu, ali ku wodi ya amayi. Tinabwera m'galimoto imodzi. Iwo anapsa kumaso.

Lachinayi, 17 Okutobala

Mabala amatsuka cha m'ma 9. Amayamba akubaya jekeseni ya ululu, koma imangochotsako pang'ono. Sista Chisanga anandipatsa thaulo.

"Lumani iyi, ba Mudenda. Niyamba manje."

Nsalu inali itamatirira. Atainyowetsa anaikoka, ndipo inachoka ndi khungu lakuda, louma ngati chikopa cha nsapato yakale. Pansi pake panali poyera ndi pofiira, pakudontha. Ndinakuwa thaulo lili m'kamwa. Anakhula malo akufa ndi kalumo, napaka mankhwala oyera a siliva, nakulunganso. Mphindi makumi anayi.

Pabedi loyandikana ndi langa pali ba Jonas a ku komboni ya Linda, ogulitsa ziboliboli kwa alendo. Njovu inawapeza pa njinga m'mawa akupita ku malonda, inawanyamula ndi chitamba n'kuwaponya pamtengo. Nthiti zinayi ndi fupa la ntchafu. Mwendo wawo aupachika ndi chingwe ndi zitsulo zolemera.

"Ba ticha," anatero nditakhala chete, "ine njovu, imwe botolo. Ine nili na nkhani yokamba ku bawa zaka teni. Imwe muzakamba chani?"

Ndinaseka, chifuwa chinang'ambika.

Lachisanu, 18 Okutobala

Ndilembe zimene zinachitika ndisanayambe kuzikongoletsa.

Mayeso a m'labu a Giredi 12 akayandikira, masukulu timabwerekana mankhwala, chifukwa palibe sukulu imene ili ndi zonse. Ife tinalibe asidi wa salufa, uja wosasungunula. Mnzanga wa sukulu ina anati ndibwere ndi chotengera, andipatsa lita imodzi. Botolo lathu lagalasi linali ndi mng'alu pakhosi. Ndinalowa m'kachipinda kamene ba Lonah amasungira tsache ndi ndowa, ndinapeza chigubu choyera cha malita asanu, cha sopo wokolopera, chopanda kanthu. Ndinachitsuka, ndinachiyanika padzuwa mpaka chinaumiratu. Pamenepo ndinasamala. Koma lebulo yake ndinaisiya, yokhala ndi chithunzi cha simenti yonyezimira ndi mandimu awiri.

Lolemba m'mawa ndinabwera nacho asidi ali m'kati, n'kuchiika pansi pa sinki m'chipinda chokonzera mankhwala. M'dirowa, sitepe imodzi kuchokera pamene ndinaima, muli mpukutu wa zomata. Chimene chinafunika ndi kabokosi ka mzere wofiira koimirira pa nsonga, m'kati mwake muli madontho akugwera padzanja ndi pachitsulo, zonse zikudyeka. Munthu safunika kudziwa Chingerezi kuti amve chithunzi chimenecho. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndakhala ndikuchiphunzitsa pa tsiku loyamba la temu. Belu linalira. Ndinati ndimata ndikabwera.

Ba Lonah amapatsidwa chigubu chimodzi cha sopo pa temu. Akaona kuti watsala pang'ono, amathiramo madzi, kutseka, n'kukhutchumula kuti afike kumapeto. Okolopa onse amatero. Ndinkadziwa, ndipo tsiku lina ndinawayamikira kuti ndi osamala zinthu.

Asidi ameneyu ndi wolemera kuposa madzi. Ukathira madzi pamwamba pake amayamba ayandama, kukutentha pang'onopang'ono pamene akumana. Ukagwedeza, zonse zimasakanikirana kamodzi, madzi amawira nthawi yomweyo, nthunzi imasowa kotulukira. N'chifukwa chake timati asidi ndiye amathiridwa m'madzi, pang'onopang'ono, osati madzi mu asidi.

Ndinabwerera nthawi ili 11:20. Ndinawapeza pa sinki akumanga chitsekerero, atathiramo kale madzi otsala a m'ndowa yawo.

"Ba ticha, mwanipezela chigubu changa. Koma sopo iyi ikupya bwanji?"

Ndinakuwa, ndinadumpha kuti ndiwalande. Anali atakhutchumula kale kamodzi. Chitsekerero chinaphulika ngati mfuti. Zinawamenya kumaso, ine pamkono umene ndinatambasula. Bulauzi yawo inada pomwepo, n'kuyamba kubooka ndikuona. Fungo linali la shuga wopserera ndi nyama. Anagwa pansi akudzikanda m'maso, akuitana amayi awo m'Chilozi.

Ndinatsegula mpope, munangotuluka mpweya. Magetsi anali atazima kuyambira m'mawa, pampu sinkagwira. Pakhoma pali chizindikiro chobiriwira cha diso ndi madzi, chosonyeza potsukira maso. Botolo la pansi pake linauma chaka chatha. Ndinawakoka pansi mpaka pa mgolo wa madzi wa kuzimbudzi, ndinawatsegula zikope ndi zala, iwo akundiluma, aphunzitsi anzanga akuthira ndi ndowa. Mkono wanga ndinaukumbukira mgolo utatsala pang'ono kutha. Adokotala akuti n'chifukwa chake unadyeka kwambiri.

Palibe amene wandifunsa kuti asidi analowa bwanji m'chigubu cha sopo.

Loweruka, 19 Okutobala

39.1. Kunjenjemera. Atenga mafinya a pabala kukayeza, ayamba jekeseni ya m'mitsempha kawiri pa tsiku. Sindinadye.

Lamulungu, 20 Okutobala

38.2. Mutinta wabwera ndi chibwantu chozizira, thobwa la kwathu, ndi mazira owiritsa. Adokotala akuti khungu limamangidwa ndi mazira, nyemba ndi mkaka, ndidye ngakhale mtima ukukana. Ba Jonas anandithandiza awiri.

Kunja kukutentha moti malata akulira. Kuti nthawi ipite ndinayamba kuwaonetsa ba Jonas zizindikiro za m'wodi momwemo. Kabokosi kachikasu kotayamo masingano kali ndi zingelengele zitatu zolukana, kutanthauza kuti muli tizilombo ta matenda, usapisemo dzanja. Pa silinda ya mpweya ya mkulu wa pakona pali moto woyaka pamwamba pa kabwalo. Ndinawafotokozera kuti mpweyawo pawokha suyaka, koma umakolezera chilichonse choyaka, moti ndudu imodzi ikhoza kupsereza bedi ndi munthu wake.

"Manje mwaniononga," anatero. "Nenze nafuna kukoka kamozi sista akachoka."

Ndinapitiriza, monga mwa chizolowezi changa, kuti chachikasu cha makona atatu chimachenjeza, chabuluu chozungulira chimalamula kuti uvale magolovesi kapena magalasi, chigaza ndi mafupa n'poizoni. Anandidula.

"Ba ticha, imwe muziba vonse ivi. Manje munapya bwanji?"

Ndinati ndatopa, ndinatembenukira kuzenera.

Sista akuti ba Lonah amawadonthezera mankhwala m'maso ola lililonse. Lamanzere layera ngati la nsomba yophika. Lamanja mwina.

Lolemba, 21 Okutobala

Ahedi athu, ba Mweetwa, abwera ndi malalanje ndi pepala lotayipa. Anakoka katani, nalankhula motsitsa mawu. Komiti ya sukulu ikumana Lolemba likubwerali, ikufuna umboni wanga. Pepalalo likuti ba Lonah analowa m'chipinda chimene pachitseko pake pali chizindikiro chachikasu ndi mawu oletsa kulowa, nagwira mankhwala popanda chilolezo.

"Palibe bodza apa, ba Mudenda. Chizindikiro chilipo pachitseko, si choncho? Analowa, si choncho?"

Chilipodi. Ndinachikhoma ndekha. Koma ndine ndemwe ndinawapempha zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo kuti azikolopamo Lolemba lililonse, ndipo kiyi ndinawadulitsira ndine.

Ndinafunsa za chigubu. Anati chinatayidwa m'dzenje tsiku lomwelo, chinali choopsa kusunga.

"Mukasaina, bachosedwa nchito mayi aja, nkhani yatha. Mukayamba vokamba vambiri, ni imwe. Laisensi yanu, penshoni, bana banu batatu. Wokolopa tizapeza wina mailo. Wa sayansi nizamupeza kuti?"

Ndinati dzanja losainira lili m'bandeji. Anati chidindo cha chala cha kumanzere chikwanira, ndiganize bwino. Pepala analisiya m'kabati, pansi pa malalanje.

Sindinakane. Ndilembe zimenezo.

Lachiwiri, 22 Okutobala

Ku fiyeta. Anandigoneka tulo, nadula nyama yakufa kuyambira pachigongono mpaka pamfundo ya dzanja. Ndadzuka ndikusanza. Magazi atsika kufika 9.4, andiwonjezera mapiritsi a ayironi. Zala zonse zisanu zilipo.

Lachitatu, 23 Okutobala

Nthawi yoona odwala masana, kunalowa mwamuna wamtali wovala malaya oyera a oyendetsa mateksi a ku eyapoti. Anayenda akuwerenga makhadi a kumiyendo. Atafika pa langa anaima.

"Ndiwe Mudenda?"

Ndisanayankhe anandigwira pakhosi, penipeni pabala, n'kundikokera pansi. Diripi inazuka, magazi anathamanga padzanja. Ndinagwera mkono wodwala. Ululu wake sindingaulembe. Ndinaona kuyera kokhakokha. Anandiponda m'nthiti kawiri, nandimenyetsa mutu ku mwendo wa bedi.

"Mukazi wanga alibe nkhope! Alibe liso! Manje mwamutumila kalata ati aimisidwa nchito, ati ni mulandu wake! Iwe wagona apa ukudya malalanje!"

Ba Jonas, mwendo uli m'mwamba, anamuponyera botolo lokodzeramo, nakuwa mpaka alonda awiri anabwera. Anamupinda mikono n'kumutulutsa akulira ngati mwana. Dzina lake ndi Silumesii, mwamuna wa ba Lonah.

Bala latsegukanso, asoka pachipumi masitichi anayi. Anandijambula nthiti. Pachitseko cha chipinda chojambulira pali chizindikiro cha mapiko atatu akuda pa chikasu, ndipo ndinadzipeza ndikufuna kumufotokozera wokankha njinga ya odwala tanthauzo lake. Ndinatseka pakamwa. Nthiti sizinathyoke.

Kalata yoimitsa ntchito sindinkaidziwa. Aitumiza ine ndisanadinde chala.

Lachinayi, 24 Okutobala

Tsiku la ufulu. Ng'oma ndi malipenga zikumveka kuchokera m'tauni. Kutsuka bala lero kunali koopsa kuposa tsiku loyamba.

Ba Mweetwa anaimba foni. Amva za dzulo. Akuti ndikadandaule ku polisi, tsopano komiti siivutikanso, aliyense aona kuti banja limenelo ndi la mtundu wanji. Mawu awo anali opepuka, ngati munthu amene watula katundu.

Mutinta akufunanso kuti bamboyo amangidwe. Analira ataona chipumi changa. Iye sadziwa za chigubu. Ndinamuuza kuti tidikire.

Madzulo ba Jonas anati, "Uja munthu sanabwele kuba, ba ticha. Munthu akamenya wodwala pa bedi, ni kuti pali chamene chamuŵaŵa maningi. Pepala ija mu kabati, muisunga ya chani? Simusaina, simutaya."

Lachisanu, 25 Okutobala

37.6. Wa mafizo wabwera kudzapinda zala kuti zisaume. Chala chilichonse kakhumi. Thukuta linanyowetsa pilo.

Loweruka, 26 Okutobala

Trole ya mabala inali ku wodi ina, choncho anandikankha pa njinga kupita ku chipinda chotsukira. Pabenchi ya panja panali mayi atakhala, mutu wonse uli m'bandeji kupatula pakamwa ndi mphuno. Ndinawazindikira ndi mapatapata awo obiriwira. Sista Chisanga anatchula dzina langa poitana mnzake, ndipo mutu uja unatembenuka.

"Ni ba ticha?"

Ndinati ndine.

Milomo yawo yatupa, mawu amatuluka movutikira. Anafufuza ndi dzanja mpaka anagwira tayala la njinga yanga.

"Ba ticha, pepani. Pepani maningi. Ba Silumesii banalakwa, naakalipila. Musabamangise, napapata. Na ine nalakwa. Banibelengela kalata, ati panali chizindikilo, ine sininaone. Sukulu sininapite patali. Nakuochani kwanja, imwe bamene munanitandiza na manzi. Mukanikambileko kuli ba hedi, olo banipase yosesa panja, sinizangenamo futi mu labu."

Ankapepesa. Mayi amene ndinamuchotsa nkhope ankandipepesa, ndipo ankakhulupirira zimene ankanena.

Ndinati, "Ba Lonah, pa chigubu panali chithunzi chanji?"

"Mandimu."

"Ndiye munawerenga bwino. Munawerenga zimene zinalembedwa. Asidi uja ndinathiramo ndine, ndipo sindinamatepo chizindikiro."

 Dzanja linachoka pa tayala.

"Imwe?"

"Ine."

"Na masiku yonse aya munali zii?"

Anawaitana kulowa. Chitseko n'chopyapyala. Ndinamva zonse pamene ankawachotsa nsalu kumaso, ndipo ndinali wotsatira pamzere.

Lamulungu, 27 Okutobala

Ndamuuza Mutinta. Anangolongedza mbale. Atafika pakhomo anabwerera, nandifunsa kuti ana tidzawauza chiyani. Ndinati zomwezi. Anati, "Ukanakamba tsiku loyamba sembe sininatukwane mayi uja mumtima sabata yonse." Anapita osanditsanzika.

Lolemba, 28 Okutobala

A komiti atatu abwera kuwodi ndi ba Mweetwa, popeza ine sindingapite. Wapampando ndi mayi wachikulire amene kale anali namwino. Anatulutsa kabotolo ka inki yodindira chala.

Ndinapempha kuti katani asakoke. Ndinafotokoza kuyambira pa botolo la mng'alu mpaka pa mgolo wa kuzimbudzi, mwadongosolo, monga ndimachitira m'kalasi. Ndinati chizindikiro cha pachitseko chimauza mlendo kuti asalowe, koma ba Lonah sanali mlendo, anali ndi kiyi yochokera kwa ine. Munthu amene waloledwa kulowa amatetezedwa ndi lebulo ya pa chinthu chimene wagwira, ndipo lebulo imeneyo inanama chifukwa cha ine. Ndinanenanso za botolo lotsukira maso, kuti ndinaliona louma chaka chonse osalemba lipoti.

Ba Mweetwa anati ndili pa mankhwala amphamvu, mutu unamenyedwa, mawu anga asalembedwe lero. Mayi wapampando anatenga khadi yanga, nawerenga, nati mankhwala amene ndamwa m'mawa ndi panado. Kenaka anafunsa ba Mweetwa kuti chigubu anataya ndani, ndipo kalata yoimitsa ntchito inatuluka bwanji komiti isanakumane. Ngakhale mkulu wa pakona anachotsa chophimba cha mpweya kuti amve.

Analemba mawu anga ndi dzanja, masamba atatu, nandiwerengera. Ndinadinda chala pa tsamba lililonse. Potuluka ba Mweetwa anawerama pa khutu langa nati, "Mwazipaya mweka."

Ba Jonas sananene nthabwala. Anangonditambasulira paketi ya mabisiketi.

Lachitatu, 30 Okutobala

Fiyeta kachiwiri. Asenda khungu pantchafu yakumanzere, alimata pamkono. Pantchafu pakupweteka kuposa pamkono. Osagwedeza dzanja masiku asanu.

Lolemba, 4 Novembala

Atsegula bandeji. Adokotala akuti magawo asanu ndi atatu mwa khumi agwira. Mkono ukuoneka ngati ukonde wa nsomba. Magazi 10.6. Mvula yoyamba inagwa dzulo masana, fumbi linanunkhira mpaka m'wodi.

Mutinta wabweranso ndi ana. Wamkulu sanandiyang'ane kumaso. Ku polisi sindinapite ndipo sindipita.

Lachinayi, 7 Novembala

Makalata awiri afika ndi mlembi wa komiti. Yanga ikuti ndaimitsidwa ntchito kufikira nkhani yanga itaweruzidwa ndi akuluakulu a zamaphunziro. Ndinaiwerenga kamodzi, ndinaipinda. Inayo ndi ya ba Lonah. Mlembi anali wothamanga, anapempha Sista Chisanga kuti akapereke. Sista anabwerako nati mayiwo akufuna kuti ndikawawerengere ineyo.

Anandiperekeza ku wodi ya amayi nthawi yoona odwala. Bandeji ya kumutu awachotsa. Tsaya lamanzere ndi chipumi n'zofiira, zokokeka, nsidze palibe. Diso lamanzere latsekedwa ndi thonje, ndipo adokotala a maso akuti silidzaonanso. Lamanja limaona kuwala ndi zithunzithunzi za anthu. Ba Silumesii anali atakhala pampando pambali pa bedi, akuwamwetsa phala ndi supuni. Atandiona anaika kapu pansi, naimirira. Sista anaima pakati pathu.

"Nkalani pansi, ba Silumesii," anatero ba Lonah. "Nine namuitana. Ni yeve anayamba, ni yeve asilize."

Ndinawerenga Chingerezi chake, kenaka ndinamasulira mzere ndi mzere. Kalata yoimitsa ntchito yafafanizidwa. Komiti yapeza kuti Mayi Lonah Mwanamwalye analowa m'chipindacho ndi chilolezo, anagwira ntchito yawo monga mwa masiku onse, ndipo alibe mlandu uliwonse. Malo awo a ntchito awasungira kufikira atachira.

Ndinayamba kunena kuti pepani. Anakweza dzanja.

"Iyo sungani, ba ticha, sininakonzeke. Belengani futi paja pali zina yanga."

Ndinawerenganso.

"Futi. Mokweza. Aba bonse mu wodi banamvela kuti nine chipuba chamene sichiziba kubelenga."

Ndinaimirira pakati pa mabedi, ntchafu ikukoka, ndipo ndinawerenga kachitatu mpaka mayi wa bedi la kumapeto anamva.